Ndinaphunzira Sayansi: Kodi Anganditenge ku Sukulu ya Malamulo?

Pakati pa ife a mpingo, munthu akangoti akufuna kukaphunzira malamulo, maganizo a ambiri amathamangira ku Thyolo. Amamuona kale atavala zoyera ku Malamulo, akuphunzira unamwino kapena zoyeza magazi. Zinateronso pa tchuthi chapitachi ku Midzemba, ku Neno ya kumunsi kotentha kuja. Tinali pakhonde madzulo pamene mphunzitsi wina wa sekondale yoyendera anatchula mawu amenewa. Mayi wina wachikulire amene ankatongola chimanga pambali anadzidzimuka nati, “Aphunzitsi, pa msinkhu wanuwu mukufuna mukayambe kubaya anthu jakisoni?” Tonse tinafa nako kuseka.

Koma aphunzitsiwo sankanena za ku Makwasa. Ankanena za malamulo a dziko, a kukhoti. Iwo ali ndi digiri ya uphunzitsi wa sayansi, ndipo akhala akuphunzitsa Physics ndi masamu kwa zaka zingapo. Chimawavutitsa ndi chakuti anthu a m’mudzi amabwera kwa iwo ndi mapepala a Chingerezi, a malo, a ngongole, a chipukuta misozi, kuti awawerengere. Mawuwo amawawerenga bwinobwino, koma munthu akafunsa kuti, “Ndiye ndisayine kapena ayi?” iwo amasowa chonena. Ntchito sangaisiye, poti ana akufuna fizi. N’chifukwa chake akufuna sukulu yophunzira madzulo, kumapeto kwa sabata, kapena yophunzira munthu ali kwawo.

“Inu a ku koleji, tandiuzeni zoona,” anatero. “Ine moyo wanga wonse ndi manambala. History ndinaisiya ndili Fomu 2. Mbuzi zinayi ndagulitsa kale kuti ndilipirire mafomu ndi teremu yoyamba. Kodi munthu wa sayansi ngati ine anganditenge, kapena ndingotaya ndalama?”

Tsiku limenelo tinangowalimbikitsa, chifukwa zenizeni sitinkazidziwa. Titabwerera ku koleji tinayamba kufufuza, ndipo tinaona kuti funsoli ndi la ambiri a ife: a uphunzitsi wa sayansi, a unamwino, a ulimi, a makompyuta. Yankho lalifupi ndi lakuti sayansi siitsekera munthu njira ya ku malamulo. Komabe pa njirayi pali makomo atatu: lolowera, lopirira mpaka kumaliza, ndi lololedwa kugwira ntchito ya uloya. Khomo limene aphunzitsi athu ankaliopa, loyambalo, ndi limene lili lopepuka kuposa enawo.

Khomo loyamba: kulowa

Sukulu ya malamulo yakale kwambiri m’dziko muno ndi ya University of Malawi. Inayambira ku Mpemba, ndipo inasamukira ku Zomba mu 1973 pamene makoleji angapo anaphatikizidwa ku Chancellor College. Kwa zaka zambiri mwambo wa sukuluyi wakhala wakuti mwana salowa akungochokera ku Fomu 4. Amayamba waphunzira kaye ku yunivesite, kaya chaka chimodzi kaya digiri yathunthu, kenaka n’kupempha malo. Amalemba mayeso olowera, ndipo amene achita bwino amaitanidwa kukafunsidwa mafunso maso ndi maso.

Taganizirani tanthauzo la zimenezi. Aliyense wolowa m’kalasi imeneyo amachokera ku maphunziro ena: wina ku Chingerezi, wina ku zachuma, wina ku uphunzitsi, wina ku sayansi. Choncho wa sayansi sakhala mlendo pakati pa eni mudzi, chifukwa onse ndi alendo. Zili chimodzimodzi ku America, kumene munthu amayamba watenga digiri ya phunziro lililonse asanapite ku sukulu ya malamulo.

Nanga osankha amayang’ana chiyani? Choyamba ndi satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi. Kirediti ndi giredi yoyambira 1 mpaka 6, ndipo amene anapeza 7 kapena 8 pa Chingerezi ayenera kuyamba wakonza zimenezo, ngakhale atakhala kuti masamu anapeza 1. Chachiwiri ndi magiredi a ku koleji. Apa ndi pamene ambiri a sayansi amapwetekera, chifukwa pepala la magiredi silifotokoza kuti Chemistry ya chaka chachitatu inali yowawa bwanji. Limangoonetsa nambala. Kwa ife amene tidakali pa sukulu, ili ndi chenjezo: giredi ya semesita ino ikhoza kudzatsegula kapena kutseka khomo limene lero sitikuliganizira n’komwe. Chachitatu ndi luso lowerenga nkhani yaitali, kuimvetsa, n’kulemba maganizo ako mwadongosolo m’Chingerezi choyera.

Digiri ya ku Zomba ndi ya zaka zinayi zokhala m’kalasi tsiku ndi tsiku, ndipo malo ake amalimbiranidwa kwambiri. Munthu amene sangasiye ntchito amayang’ananso kwina. Catholic University of Malawi, imene inatsegulidwa mu 2006 ku Nguludi m’boma la Chiradzulu, nayo imaphunzitsa digiri ya malamulo. M’mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe muli makalasi a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata a maphunziro osiyanasiyana, ndipo chaka chilichonse masukulu amalengeza m’nyuzipepala mapulogalamu amene atsegula ndi zoyenereza zake. Palinso masukulu ophunzitsa munthu ali kutali. University of London yakhala ikuchita zimenezi kuyambira mu 1858, ndipo ili ndi njira yofupikirako ya anthu amene ali kale ndi digiri, posayang’ana kuti digiriyo ndi ya chiyani. UNISA ya ku South Africa ndi kumene Nelson Mandela anamalizira digiri yake ya malamulo mu 1989 adakali m’ndende.

M’masukulu odzilipirira ngati amenewa, munthu wa digiri yabwino ndi Chingerezi chabwino ali ndi mwayi waukulu wotengedwa. Ndiye kwa aphunzitsi a ku Midzemba, yankho la funso lawo ndi lakuti inde, akhoza kuwatenga.

Zimene sayansi imapatsa, ndi zimene siipatsa

Ophunzira malamulo ku Malawi amakumana kawirikawiri ndi dzina la Lord Denning, popeza malamulo athu ambiri mizu yake ili ku England. Denning anaphunzira masamu ku Oxford, ndipo anakhala mphunzitsi wa masamu ku Winchester College asanabwerere kukaphunzira malamulo. Analoledwa kukhala loya mu 1923, ndipo kuyambira 1962 mpaka 1982 anali mmodzi wa oweruza akuluakulu a dzikolo. Margaret Thatcher anaphunzira Chemistry, nagwira ntchito m’labotale ya kampani, n’kumawerenga malamulo pa nthawi yake yapadera. Anakhoza mayeso omaliza mu 1953, chaka chomwe anabereka mapasa. Wina anachokera pa bolodi, wina ku labotale.

Sizodabwitsa, chifukwa ntchito ziwirizi zili pa ubale. Mu labotale timaphunzira kusiyanitsa zimene taona ndi zimene tikuganiza. Pa masamu timaphunzira kuti yankho lopanda njira silipatsidwa malikisi. Loya nayenso amayamba ndi zimene zinachitikadi, amapeza lamulo loyenera, n’kuonetsa sitepe ndi sitepe mmene lamulolo likugwirira pa nkhaniyo.

Milandu ina imafuna sayansi yeniyeni. Mu 2016 mayi wina amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ankamwa ma ARV, anagamulidwa miyezi 9 ya ukaidi chifukwa mwana wa mnzake anayamwa bere lake. Mwanayo sanatenge kachilombo. Nkhaniyi itapita ku Khoti Lalikulu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, panaperekedwa umboni wa akatswiri wosonyeza kuti mwayi wopatsira kachilombo mwa njira imeneyo, kamodzi kokha, mayi ali pa mankhwala, ndi wochepetsetsa. Mu Januwale 2017 khotilo linathetsa chigamulo chija. Apa Biology inathandiza kutulutsa munthu m’ndende.

Ngakhale ku Neno komweko nkhani zotere zilipo. Njanji ya ku Nacala inadutsa m’minda ya anthu. Pa Mpatamanga, pakati pa Neno ndi Blantyre, pakukonzedwa ntchito yaikulu yopanga magetsi pa mtsinje wa Shire. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zazikulu ziyambe zaunikidwa mmene zidzakhudzire anthu, madzi ndi nthaka, ndipo malipoti ake amakhala odzaza ndi mapu ndi manambala. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa kulembetsa malo, komwe kumafuna kuyeza malire. Loya amene saopa girafu kapena mahekitala amakhala wothandiza kwambiri kwa anthu a m’mudzi pa nkhani zoterezi.

Tsopano tione mbali inayo. Wa sayansi anazolowera funso la yankho limodzi, pomwe m’malamulo anthu awiri anzeru amatha kuwerenga mawu amodzimodzi n’kumva zosiyana. Chitsanzo tonse tikuchikumbukira. Pa chisankho cha Meyi 2019, Peter Mutharika analengezedwa wopambana ndi mavoti 38.57 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera 35.41, ndipo Saulos Chilima 20.24. Mlandu umene unatsatira unali ndi masamu ambiri: mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, manambala osagwirizana, umboni wa makompyuta. Koma funso lina lalikulu linali pa liwu limodzi la m’gawo 80 la Malamulo Oyendetsera Dziko, liwu lakuti majority. Kodi likutanthauza kuposa anzako onse, kapena kuposa theka la mavoti? M’mbuyomo makhoti ankatsata tanthauzo loyambalo. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anagamula kuti ndi kuposa theka, ndipo khoti la apilo linavomereza mu Meyi chaka chomwecho. Kakyuleta sikanathetsa mkangano umenewo. Unathetsedwa ndi kuwerenga, kuyerekeza zigamulo zakale, ndi kutsutsana mwadongosolo.

Ndiye wa sayansi ali ndi zinthu zitatu zoti aphunzire mwatsopano. Ayenera kuzolowera kuwerenga masamba ambiri pa tsiku. Ayenera kuzolowera kulemba ndime zathunthu m’malo mwa timizere ndi zizindikiro. Ndiponso ayenera kutha kuimira mbali imene iye sakugwirizana nayo, mwachilungamo, asanaigwetse. Zonsezi zimaphunzirika, ndipo sizidikira kalata yoitanidwa.

Khomo lachiwiri: kupirira

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kalata yokuitana ikabwera, matope ake ndi nthawi, mtunda ndi ndalama.

Tiyambe ndi nthawi, ndipo tiiwerenge ngati anthu a masamu. Sabata imodzi ili ndi maola 168. Tichotsepo maola 24 a tsiku lopatulika, atsala 144. Tichotsenso tulo ta maola 7 kwa masiku 6 enawo, atsala 102. Mphunzitsi wa sekondale, tikaphatikiza kuphunzitsa, kukonzekera ndi kuchonga, tinene kuti amathera maola 50, atsala 52. Banja, kumunda, kudya, kuona odwala, maliro ndi misonkhano zitenge maola 30, atsala 22. Ngati pali ulendo wa ku kalasi, kuchoka ku Midzemba kukafika pa Zalewa, kudikira minibasi idzaze, kuwoloka Shire kupita ku Blantyre ndi kubwerako, theka la tsiku lapita. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ndipo aliyense aikemo ake. Chimene chimatsala ndi maola awiri kapena atatu pa tsiku, ndipo amapezeka m’mamawa kusanache kapena usiku ana atagona. Ndi okwanira kwa munthu wodziletsa, koma kwa zaka zingapo zotsatizana, osati kwa mwezi umodzi.

Pa ndalama, fizi ndi gawo chabe. Pali thiransipoti, pogona, mabuku, bandulo, ndi magetsi kapena sola yochajira foni ndi laputopu. Masukulu a kunja amalipiritsa ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 pa tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankalipira mapaundi kapena marandi anadzuka fizi yake itakwera, malipiro ake ali pomwepo. Mbuzi zinayi zikhoza kutsegula chitseko, koma ndi bwino kuwerengera ulendo wonse musanayambe, monga mmene Luka 14 amatiphunzitsira za munthu wofuna kumanga nsanja. Wogwira ntchito m’boma kapena m’sukulu za mpingo afunikanso kudziwitsa omulemba ntchito ndi kutenga chilolezo cholembedwa, makamaka pa masiku a mayeso.

Kwa ife pali nkhani inanso imene anzathu ambiri saiganizira. Pulogalamu ikatchedwa ya kumapeto kwa sabata, kawirikawiri makalasi ake amagwera Lachisanu madzulo ndi Loweruka, nthawi zinanso Lamulungu. Kwa wosunga Sabata, kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka, zimenezi zikhoza kutanthauza kuphonya gawo lalikulu la maphunziro. Ambiri amalipira kaye n’kudzazindikira pambuyo, kenaka n’kupezeka ali pakati pa chikumbumtima ndi ndalama zimene zapita kale.

Gawo 33 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo, ndipo makhoti akhala akuugwiritsa ntchito pa nkhani za sukulu. Mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a chipembedzo cha Rastafari asakanizidwe m’sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Ku Kenya, mu 2017, khoti la apilo linaikira kumbuyo ophunzira a Adventist amene ankakakamizidwa kulowa m’kalasi Loweruka. Komabe tisadzinamize. Kukhala ndi ufulu sikutanthauza kuti sukulu imene inalengezeratu kuti imaphunzitsa Loweruka idzasintha ndondomeko yake yonse chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo mlandu umadya zaka ndi ndalama. Njira yanzeru ndi kufunsiratu. Pemphani ndandanda ya makalasi ndi ya mayeso ya chaka chatha. Funsani ngati kusapezeka m’kalasi kumalepheretsa munthu kulemba mayeso. Fotokozani za Sabata mwaulemu, m’kalata, musanalipire, ndipo yankho lawo likhalenso lolembedwa. Ngati zakanika, njira ya makalasi a madzulo a m’kati mwa sabata kapena yophunzira uli kwanu ndi imene imasiya tsikulo m’manja mwanu.

Khomo lachitatu: kuloledwa

Ili ndi khomo limene anthu ambiri saliona, ndipo ndi limene lakhumudwitsa ambiri. Kukhala ndi digiri ya malamulo ndi kukhala loya wololedwa kuimira anthu m’khoti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nkhaniyi imayendetsedwa ndi lamulo lotchedwa Legal Education and Legal Practitioners Act la 2018. Pansi pa lamuloli pali Malawi Council of Legal Education, bungwe loyang’anira maphunziro a malamulo, ndi Malawi Institute of Legal Education, imene ambiri amangoti MILE, kumene omaliza digiri amakaphunzira ntchito yeniyeni ya uloya ndi kulemba mayeso a malamulo a Malawi. Pomaliza munthu amakapempha kwa Chief Justice kuti alembedwe m’kaundula wa maloya, ndipo kuti azigwira ntchito amakhala membala wa Malawi Law Society.

Tanthauzo lake ndi lakuti digiri yanu idzaunikidwa ndi anthu ena, osati amene anakuphunzitsani. M’mbuyomu alipo anthu m’dziko muno amene anaphunzira zaka zonse, nachita phwando la digiri, koma atafika pa khomo limeneli anapeza kuti pulogalamu yawo inali yosavomerezeka. Chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere. Chikwangwani chachikulu, fizi yotsika ndi lonjezo lakuti “aliyense amatengedwa” sizikutsimikizira kanthu.

Pali malo awiri ofunsako. Loyamba ndi National Council for Higher Education, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limene limatulutsa mndandanda wa masukulu ndi mapulogalamu ovomerezeka. Muonetsetse zinthu ziwiri: kuti sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso kuti pulogalamu ya malamuloyo payokha ili pa mndandanda, chifukwa sukulu ikhoza kuvomerezedwa pa zamalonda koma osati pa malamulo. Lachiwiri ndi Council of Legal Education, makamaka ngati digiriyo ndi yakunja. Malamulo a dziko lililonse ali ndi mizu yake. Athu anachokera ku England, pomwe a South Africa ndi Zimbabwe ali ndi mizu ya Chiroma ndi Chidatchi. Choncho musanalembetse ku sukulu yakunja, funsani ngati digiriyo idzakulolani kulowa ku MILE, ndi maphunziro ati amene ayenera kukhalamo. Muwerengerenso nthawi ndi ndalama za ku MILE ngati gawo la ulendo.

N’chifukwa chake uphungu wathu waukulu ndi wakuti muyambire ku khomo lomaliza n’kumabwerera m’mbuyo. Dziwani kaye digiri zimene zimalandiridwa, kenaka muone zimene zikugwirizana ndi nthawi yanu, thumba lanu ndi Sabata, ndipo pomaliza mupemphe malo.

Ngati cholinga ndi kuthandiza mudzi

Tibwerere ku chimene chinayambitsa maganizo a aphunzitsi aja: anthu obwera ndi mapepala. Si ntchito yonse ya malamulo imafuna mkanjo wa loya. Amajisitireti ambiri m’makhoti a m’maboma analowa ntchito ndi maphunziro a satifiketi kapena dipuloma ya malamulo, ndipo ambiri a iwo anaphunzira ku Mpemba, pamalo amene kale ankatchedwa Staff Development Institute. Palinso alangizi a zamalamulo otchedwa maparalegal. Bungwe la PASI, limene ntchito yake inayamba mu 2000, limatumiza anthu otere m’ndende, m’mapolisi ndi m’makhoti kukafotokozera anthu ufulu wawo. Legal Aid Bureau, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, imathandiza anthu amene sangathe kulipira loya.

Dipuloma imatenga nthawi yochepa, ndi yotsika mtengo, ndipo imamuonetsa munthu ngati malamulo amawakondadi asanadzipereke zaka zambiri. Ikakhozedwa bwino imathanso kukhala makwerero a ku digiri. Koma wa dipuloma adziwe malire ake: akhoza kufotokoza ndi kulozera munthu koyenera, koma kudzitcha loya usanaloledwe ndi mlandu.

Zoyamba nazo mwezi uno

1. Tulutsani satifiketi ya MSCE ndi pepala la magiredi a ku koleji. Muone giredi ya Chingerezi ndi avereji yanu, n’kuziyerekeza ndi zoyenereza zimene sukulu yalengeza chaka chino.

2. Pezani buku la Malamulo Oyendetsera Dziko, limene linayamba kugwira ntchito mu 1994. Werengani mutu 4, wa ufulu wachibadwidwe, gawo limodzi pa tsiku, n’kulifotokoza m’Chichewa kwa munthu wa pakhomo panu. Ngati iye sanamve, ndiye kuti inunso simunamvetse.

3. Werengani chigamulo chimodzi cha khoti kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zambiri zimapezeka mwaulere pa MalawiLII pa intaneti. Lembani tsamba limodzi: zinachitika ndi ziti, funso linali chiyani, khoti linati chiyani, ndipo chifukwa chiyani.

4. Sabata iliyonse lembani chimangirizo cha masamba awiri pa nkhani ya m’nyuzipepala, choonetsa mbali zonse ziwiri. Mupatse mphunzitsi wa Chingerezi achonge mosakunyengererani.

5. Pitani ku khoti la majisitireti lapafupi mukamvere milandu tsiku limodzi. Milandu yambiri imazengedwa poyera.

6. Lembani makalata ofunsa za kuvomerezeka kwa pulogalamu ndi za masiku a makalasi. Musalipire kalikonse mayankho asanabwere. Paja safunsa anadya phula.

7. Khalani pansi ndi a pabanja panu muwerengere limodzi maola ndi ndalama za ulendo wonse. Iwo ndi amene adzasenze nanu katunduyu.

Zimenezi tinawatumizira aphunzitsi aja pa foni. Patapita masiku anatiyankha kuti ndalama ya mbuzi aisunga kaye. Pulogalamu imene ankafuna kulipira anapeza kuti makalasi ake ambiri ndi a Loweruka, ndipo za kuvomerezeka kwake akudikira yankho. Pakadali pano amadzuka 4 koloko m’mawa, n’kuwerenga gawo limodzi la malamulo asanayambe kuchonga makope a Fomu 3. Akuti chimangirizo chawo choyamba chinabwerako kwa mnzawo wa Chingerezi chili chofiira ndi bolopeni, ndipo anamvetsa mmene ana awo amamvera. Chachiwiri chinali bwinoko.

Mafunso okambirana m’magulu

1. Mwa makomo atatu aja, ndi liti limene lingakuvuteni kwambiri inuyo, ndipo chifukwa chiyani?

2. Tchulani luso limodzi limene mwaphunzira m’phunziro lanu la panopa limene lingathandize pa mlandu wa malo kwanuko.

3. Mnzanu walipira kale fizi, kenaka wapeza kuti mayeso ena alembedwa Loweruka. Mungamulangize kuti ayambe ndi chiyani, ndipo kalata yake inene zotani?

4. Werengani maola anu a pa sabata monga tachitira pamwambapa. Atsala angati, ndipo panopa amapita kuti?

5. Kodi m’mudzi mwanu kapena mu mpingo mwanu, munthu akalandira pepala la Chingerezi loti asayine, amapita kwa ndani?